Musanaipake Penti Peugeot ya Bambo Anuyo, Yambani Mwaiyeza

Achimwene, mwafunsa ngati kuli koyenera kutengera ku Ndirande njinga yampikisano ya Peugeot imene malemu bambo anu anasiya ku Chilomoni, kuti akaipale, akaipope penti yatsopano ndi kuiikira zipangizo za masiku ano. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwadikira, chifukwa penti yakaleyo ndi timapepala tomatidwa pa fulemu ndizo zingakuuzeni mtundu weniweni wa njingayo, ndipo zikangopalidwa sizidzabwereranso.

Kampani ya Peugeot ya ku France inkapanga njinga zofanana pamaso koma zosiyana kwambiri mtengo. Imodzi mwa zapamwamba inali PX-10, yopangidwira mpikisano weniweni m'zaka zimene timu ya kampaniyi inali yotchuka, pamene wopalasa wake Bernard Thévenet anapambana mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1975 ndi 1977. Yofala kwambiri inali UO-8, njinga yabwino ndithu koma ya anthu wamba. Yang'anani pa paipi imene mumalowa chishalo ngati pali kapepala kolembedwa Reynolds 531, dzina la mapaipi opepuka a ku England amene anayamba kupangidwa mu 1935, omwe ali pa PX-10 koma osati pa UO-8. Kenaka ikani njingayo pa sikelo: PX-10 imalemera pafupifupi makilogalamu 10, pomwe UO-8 imayandikira 13. Ikakhala UO-8, penti yatsopano siichotsera kanthu kwenikweni, koma ikakhala PX-10, otolera njinga zakale amaikonda ndi penti yake yoyamba ngakhale ili ndi zipsera.

Vuto lalikulu limene mudzakumane nalo kuno ku Blantyre ndi la miyeso. Njinga za ku France za nthawi imeneyo zinali ndi mazinga akeake. Pamalo podutsa ekiselo ya mapedulo, mazinga achifalansa ndi a mamilimita 35 ndipo mbali zonse ziwiri zimamasuka mofanana, pomwe pa njinga za muyeso wachingelezi, zimene amisiri athu anazizolowera, mbali yakumanja imamasukira kwina. Mmisiri wosadziwa zimenezi amayesa kuti chagwira ndi dzimbiri, natenga hamala, ndipo mazinga amatheratu pompo. Ngakhale chitsulo chogwira mahandulo n'chosiyana, pakuti chachifalansa ndi cha mamilimita 22.0 pomwe chofala ndi cha 22.2, kusiyana kosaoneka ndi maso koma kokwanira kuti chikane kulowa. N'chifukwa chake musataye kachipangizo kalikonse kamene mwachotsa, ngakhale kabawuti kooneka kotha.

Pa matayala napo pamafunika kusamala, popeza manambala ake amasokoneza. Tayala la 28 limene limagulitsidwa ku Limbe ndi m'misika ina chifukwa cha njinga za kabaza limavala limu ya mamilimita 635, tayala la 27 limavala ya 630, ndipo la 700C limavala ya 622. Werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala lakalelo musanapite kukagula. Tcheni cha njinga za kabaza nachonso n'chokhuthala kwambiri moti sichingayende bwino pa magiya asanu akumbuyo.

Ndikuchondereni makamaka pa nkhani yowotcherera. Amisiri a ku Ndirande ndi aluso, ndipo palibe angatsutse, koma makina awo a magetsi ndi oyenera mageti ndi mafulemu a mawindo. Mapaipi a njinga yampikisano makulidwe ake sakwana milimita imodzi pakati pake, ndipo analumikizidwa ndi mkuwa wosungunula pa moto wa gasi, kotero moto wa magetsi umawaboola kapena kuwafooketsa. Ngati fulemu ili ndi mng'alu, funani mmisiri wodziwa kulumikiza ndi mkuwa. Ngati penti yatupa kapena kukwinyika kuseri kwa paipi yakutsogolo, dziwani kuti njingayo inagundapo chinthu, ndipo foloko iyenera kuyesedwa ngati ili yowongoka.

Ntchito yotsalayo mungaigwire nokha pakhonde. Tsukani zitsulo ndi palafini, ikani girisi watsopano m'mahabu, chotsani dzimbiri mofatsa osagwiritsa ntchito sandipepa wokhakhala, ndipo chitsulo cha chishalo chikakana kutuluka, chithirireni mafuta kwa masiku angapo m'malo mochikakamiza. Ngati chosinthira magiya ndi cha Simplex, chiyang'anitsitseni, chifukwa pulasitiki yake yakuda imang'aluka ikakalamba.

Zimene muyenera kusintha mosakayika ndi matayala, machubu, mawaya ndi malabala a mabuleki, pakuti labala wa zaka 40 amauma ndipo sangakuimitseni potsetsereka ngati pa msewu wa ku Chikwawa. Mukamaliza, muziisunga m'nyumba, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chimanyowetsa chilichonse chosiyidwa panja. Tumizani zithunzi za kapepala ka pa fulemu, za mbali ya tcheni ndi za malembo a pa tayala, kuti tithandizane kuzindikira mtundu wake musanawonongepo ndalama.