"Limagawidwa ndi 2" kapena "limagawika ndi 2"?

Funso: Ndimaphunzitsa masamu ku Namwera, m'boma la Mangochi. Pofotokozera ana m'Chichewa za ma prime (nambala zoposa 1 zimene zimagawika ndi 1 ndi izo zokha basi) ndinalemba pabolodi kuti, "Mukawonkhetsa ma prime awiri otsatana, yankho limagawidwa ndi 2." Mnzanga akuti ndikanalemba "limagawika". Walondola ndani?

Yankho: Aphunzitsi, anzanuwo anena zoona. Mneni wothera ndi -idwa amasonyeza kuti alipo amene wachita ntchitoyo, ndipo "ndi" akabwera pambuyo pake timayembekezera dzina la wochitayo: "Nsomba zagawidwa ndi mwini bwato." Koma -ika amangonena kuti chinthucho n'chotheka. Nsomba 18 zimagawika kwa anthu awiri ngakhale zidakali m'bwato, palibe amene wazikhudza. Inu mukuphunzitsa khalidwe la nambala, choncho lembani "limagawika", ndipo muwonjezere "popanda chotsala", chifukwa mwana wochenjera adzakuuzani kuti 5 nayonso wayigawa, kwangotsala 1.

Mawu oti "otsatana" nawo muwasamale. Mwana akawamva amaganiza za 7 ndi 8. Nenani "otsatana pamndandanda wa ma prime", kuti aone kuti 7 ikapita, 11 ndiyo imabwera.

Ine chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chiganizocho chasiya. Ma prime awiri oyamba ndi 2 ndi 3, ndipo kuwonkhetsa kwake ndi 5, imene sigawika ndi 2. Vuto ndi 2 yemweyo: ndiye prime yekhayo wogawika ndi 2. Ena onse mukawagawa ndi 2 amatsala 1, ndiye mukawonkhetsa awiri, zotsala ziwiri zija zimapanga 2 ndipo yankho limagawika bwinobwino. Chiganizo chanu chiyambe motere: "Kupatula 2, mukawonkhetsa ma prime awiri..." Mwaona kuti apa "otsatana" alibe ntchito? Ngakhale 3 ndi 19 amapereka 22.

Pamene mawuwa ali ndi ntchito ndi apa. Tengani 7 ndi 11, yankho 18, theka lake 9. Tengani 13 ndi 17, yankho 30, theka lake 15. Thekalo silikhala prime, chifukwa limagwera pakati pa ma prime awiriwo, ndipo pakati pa otsatana palibe prime wina. Ndiye theka nalo limagawikanso: 9 ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, 15 ndi 3 kuchulukitsa ndi 5. Pa 3 ndi 19 zimenezi sizigwira, theka la 22 ndi 11.

Ana akazolowera, apatseni ma prime awiriawiri amene wina amaposa mnzake ndi 2 yokha: 5 ndi 7, 11 ndi 13, 17 ndi 19, 29 ndi 31. Mayankho ndi 12, 24, 36 ndi 60, onse ogawika ndi 12, popeza nambala yapakati pawo imagawika ndi 6 ndipo yankho ndi nambala yomweyo kawiri. Apanso "kupatula" akufunika: 3 ndi 5 amapereka 8.