Yankho: Phungu akabwera ndi envelopu pa Paper Sunday

Achimwene a ku Area 25, mwafunsa ngati mpingo wanu ulandire ndalama za wandale pa Paper Sunday ndi kumupatsa mpata wolankhula. Apemphere nanu, koma guwa musamupatse.

Choyamba, bwalo la akulu ampingo ligwirizane ndi kulemba m'maminitsi kuti mlendo wandale amangodziwitsidwa dzina, salankhula, ndipo zovala za chipani sizilowa m'tchalitchi. Chipani cholamula ndi zotsutsa, lamulo limodzi. Mukalola mmodzi, enawo adzafuna mpata womwewo, ndipo kwaya ndi amayi a chigwirizano amayamba kugawikana.

Envelopu aipereke ngati mkhristu aliyense: msungichuma awerenge pamaso pa anthu awiri, alembe lisiti, osalengeza kuchuluka kwake. Chimene chimaononga ndi kulengezako, chifukwa chopereka chimasanduka kampeni. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti.

Izi sizikutanthauza kuti mpingo ukhale chete. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inadzudzula malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutsekereza maganizo, koma sinatchule chipani choti anthu achitsate. N'chifukwa chake inamveka ngakhale kwa a mipingo ina, mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993. Mpingo wodya za phungu sungamufunse za mankhwala osowa m'chipatala.

Ngati mukufuna kumva mfundo zawo, itanani opikisana onse tsiku la Loweruka muholo, aliyense mphindi zofanana, mafunso achokere kwa anthu.