Ampu ikulira bwino m'chipinda, koma pojambula ikumveka ngati njuchi

Owerenga ena atilembera imelo. Ali ndi ampu (chokuzira mawu a gitala) ya Peavey 6505 ya ma watt 120, bokosi la masipika 2 komanso maikolofoni ya Shure SM57. Akuti akaimirira m'chipinda ampu imalira mwaukali wokoma, koma akajambula pakompyuta amangomva "zzzz" ngati njuchi. Ndiye akufunsa: aigulitse, agule ampu ina ya Mesa/Boogie Dual Rectifier yomwe amaimva bwino pa YouTube? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti ampu yoyenera kujambulira kunyumba ndi iti?

Achimwene, musagulitse kaye. Ampu muli nayoyo ndi yomwe ija idatuluka mu 1992 ndi dzina la 5150, yomwe Peavey idapanga pamodzi ndi woimba gitala Eddie Van Halen. Dzina la 6505 lidabwera atasiyana. Nyimbo zambirimbiri za metal zidajambulidwa ndi ampu imeneyi. Vuto lanu lili pa malo omwe mukuimvera.

Sipika ya gitala imaponya mawu opyapyala molunjika kutsogolo. Inu mukaimirira, bokosi lili pansi, mawu amenewo amakadutsa m'mawondo, ndipo m'makutu mumangofika zonenepa zomwe zagunda kale makoma. Maikolofoni yokha ndiyo yaima pakamwa pa sipika, ikumva zonse. Inu pamenepo mwakweza presence ndi high, mabatani a mawu opyapyala, kuti zikukomereni pomwe mwaimapo, osadziwa kuti maikolofoni mwaithira tsabola wowirikiza. Choncho mabatani a ampu azitembenuzidwa mukumvera zomwe zikulowa mu kompyuta, pa mahedifoni otseka makutu kapena pa masipika a situdiyo.

Za pa YouTube musazikhulupirire kwambiri. Mumamva gitala yojambulidwa kawiri kapena kanayi, yokonzedwa ndi EQ (chokwezera kapena kutsitsira besi, mawu apakati ndi opyapyala), besi gitala ili pansi pake ikuinenepetsa, ndipo kawirikawiri sanena sipika yomwe agwiritsa ntchito.

Kuti muweruze mwachilungamo, kaimbidwe kakhale kamodzi. Ikani nsambo zatsopano, lumikizani gitala pa Hi-Z (polowera gitala) ya interface yanu, kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta, mujambule DI, mawu osadutsa mu ampu. Pomwe mwamenya kwambiri mita isapitirire -6 dB. Masekondi 40 akwana, koma mukhale palm mute (kumenya nsambo chikhatho chitazigunda pang'ono) yothamanga pa nsambo yaikulu, chord ya nsambo zonse 6 yosiyidwa kuti ilire mpaka ithe yokha, manotsi amodziamodzi, ndiponso kamphindi kosiya kuimba mwadzidzidzi. DI imeneyi muziibweza mu ampu kudzera mu reamp box, kabokosi kobwezera mawu a mu kompyuta ku ampu, monga za kampani ya Radial, nthawi iliyonse mukasintha kanthu. Popanda zimenezi dzanja lanu lidzakunamizani, chifukwa munthu amaimba mwamphamvu pa ampu yomwe mtima wake waikonda kale.

Kenaka linganizani voliyumu. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kuyambira pa kafukufuku wa Fletcher ndi Munson wa mu 1933 zimadziwika kuti khutu limamva besi ndi mawu opyapyala mochuluka phokoso likakwera, ndiye chokwera pang'ono chimapambana kawirikawiri, ngakhale chikhale choipa. Gwiritsani ntchito mita ya LUFS, yoyeza kukwera kwa mawu, kusiyana kusapitirire 0.5 dB. Mayina a mafayilo mubise, wina akusakanizireni.

Tsono mumvera chiyani? Pa palm mute, notsi iyenera kumenya n'kuima pomwepo. Ikamati "bwuu" n'kulowerera notsi yotsatira, besi yachuluka isanafike pa gain, gawo la ampu lomwe limakwiyitsa mawu. Rectifier mukuisirirayo ndiyo imadziwika ndi khalidwe limeneli kuposa 6505 yanu, n'chifukwa chake ambiri amaika kachipangizo ka Ibanez Tube Screamer pakati pa gitala ndi ampuyo: drive pa 0, level pamwamba penipeni, tone pakati. Kachipangizoka kamachepetsa besi n'kukankha mawu apakati cha pa 720 Hz. Pa chord yosiyidwa ija, yesani kumva nsambo iliyonse payokha; ngati zonse zasanduka phala, gain yachuluka. Pa lead channel ya 6505, pre gain ya pakati pa 3 ndi 5 imakwana pojambula. Poimba muona ngati yachepa, zala zivutikirapo, koma mukajambula kawiri, ina kumanzere ina kumanja, kulemera kumabwera kokha. Ndi kuimba kawiri kwenikweni, osati kukopera fayilo imodzi.

Mid, mawu apakati, musaichotse. Gitala yopanda mid imakoma ikamalira yokha, koma ng'oma ndi besi zikalowa imazimirira, chifukwa pansi patenga kick ndi besi gitala, pamwamba patenga ma cymbal. Nsambo yaikulu ya E imalira pa 82 Hz, ya drop D pa 73 Hz, ndiye chilichonse cha pansi pamenepo n'chongodetsa nyimbo; high-pass (sefa yodula mawu apansi) ya 80 mpaka 100 Hz imachotsa. Chiweruzo chomaliza chichitike ng'oma ndi besi zikulira, batani la solo, lomvetsera gitala yokha, losakhudzidwa.

Koma kunena zoona, gawo lalikulu la kamvekedwe lili pa sipika ndi maikolofoni. Ampu ziwiri zosiyana zikadutsa mu sipika imodzi ya Celestion Vintage 30 zimayandikana kwambiri kuposa ampu imodzi yodutsa mu masipika osiyana, Vintage 30 ndi Greenback. Walitsani tochi pansalu ya bokosi mupeze kachipewa ka pakati pa sipika. Ikani SM57 pomwe kachipewako kakumana ndi pepala la sipika, masentimita 2 kapena 3 kuchokera pansalu. Pakatikati ndi pomwe pamakhala njuchi zija. Sunthirani kunja sentimita imodzi, jambulani, sunthaninso, mpaka mupeze pomwe "zzzz" wachepa koma kuluma kukadalipo. Mukapitiriza mpaka m'mphepete mawu amada. Mukafuna besi yochepa, bwezani maikolofoni m'mbuyo pang'ono m'malo mothamangira EQ. Zotsala za pamwamba, low-pass (sefa yodula mawu apamwamba) ya pakati pa 8 ndi 10 kHz imamaliza. Maikolofoni yachiwiri muyambe mwaisiya. Mitunda ya maikolofoni ziwirizo kuchokera pa sipika ikasiyana mawu amadyana, gitala n'kumveka ngati ili mu paipi.

Ma watt 120 m'nyumba yoyandikana ndi anthu ndi mlandu. Mwayi wake, ampu za mtundu uwu zimapanga ukali wa mawu ake mu preamp, gawo loyambirira la ampu, ndiye post gain ya 1 kapena 2 imajambulika bwino. Mukafuna chete weniweni, pezani load box, kabokosi komeza mphamvu ya ampu, monga Two Notes Torpedo Captor, ndipo m'malo mwa sipika muike IR pakompyuta, fayilo yotsanzira kamvekedwe ka sipika ndi maikolofoni. Njira imeneyi imathandizanso poyerekeza, poti ampu zonse zimadutsa mu IR imodzi. Chenjezo: ampu ya ma valve isayatsidwe popanda sipika kapena load box, output transformer yake ingapse. Ma ohm nawo agwirizane, 8 pa 8, 16 pa 16, ndipo chingwe chikhale cha sipika, osati cha gitala.

Kamphindi kosiya kuimba kaja ndi koyesera phokoso. Kufwenthera pang'ono n'kwachibadwa pa gain yokwera, noise gate, yodula phokoso mukasiya kuimba, imatseka. Kung'ung'udza kwa 50 Hz ndi nkhani ya magetsi: zulani chaja ya laputopu muone ngati kwasiya, ndipo ampu ndi interface zikhale pa soketi imodzi, koma waya wa earth musaudule. Ngati mutayesa zonsezi mtima ukadali pa Rectifier, bwerekani kaye kapena yesani kamvekedwe kake mu Neural Amp Modeler, pulogalamu yaulere yotsanzira ampu, ndi DI yomweyo ndi IR yomweyo. Mukaitanitsa yochokera ku America muyang'anenso kumbuyo kwake: kumeneko magetsi ndi a 120 V, ndipo ikalowa pa 230 V yathu popanda thiransifoma yotsitsa, idzapsa musanaimbe notsi.