Kodi mwana apite kusukulu ya zaumisiri kapena angophunzira pagalaja?

Mayi ena a ku Luchenza alemba kuti mwana wawo wamwamuna, amene anakhoza MSCE, amathandiza pagalaja ina, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kumulipirira sukulu pamene sipanala amaidziwa kale. Atchulanso za Toyota ina imene inawasowetsa mtendere pagalajapo, chifukwa AC yake (makina oziziritsa mkati mwa galimoto) inkatulutsabe mpweya wofunda ngakhale anaithira gasi watsopano.

Mayi, ndiyambe ndi galimotoyo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi AC yodziyendetsa yokha, imene imadalira kasensa kobisika kuseri kwa timabowo ta padashibodi, kawirikawiri pafupi ndi chiwongolero, koyeza kutentha kwa mkati mwa galimoto. Kukamatentha resistance ya kasensako (mmene kamatchingira magetsi kudutsa) imatsika, kukamazizira imakwera. Waya wake akaduka kapena pulagi ikachita dzimbiri, kompyuta ya AC imaona resistance yaikulu kwambiri ndipo ingathe kuganiza kuti anthu akuzizidwa, choncho imatumiza mpweya wofunda ngakhale mu Okutobala. Gasi alibe mlandu pamenepo, ndipo ndalama ya mwini galimoto yangopita pachabe.

Mmisiri wophunzira amayamba ndi kuwerenga code ya vutolo (nambala imene kompyuta imasunga yosonyeza pamene pali vuto) ndi makina oyezera. Pa Toyota, B1411 imaloza ku kasensaka ndi mawaya ake. Kenaka amazula pulagi, n'kuyeza ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) ngati pakufika mavolti pafupifupi 5 kuchokera ku kompyuta kiyi atayatsidwa, ndiponso ngati waya wa earth ali bwino. Akatero amayeza kasensa kenikeniko, n'kukafunditsa m'manja kuti aone ngati nambala ya resistance ikutsika pang'onopang'ono, ndipo amayerekeza ndi buku la galimoto imeneyo, popeza manambala amasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto. Chimene ambiri amaiwala ndi kapaipi kapena kafani kokokera mpweya pa kasensako. Fumbi la m'misewu ya kuminda ya tiyi likatsekamo, kasensa kabwinobwino kamayeza zolakwika, ndipo kungopukutamo kumathetsa vuto limene wina akanagulira chipangizo chatsopano.

Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kuwerenga chithunzi cha mawaya ndi lamulo la Ohm limene mwana wanu anakumana nalo mu Physics, ndipo pamagalaja ambiri palibe amene angamuphunzitse zimenezi mwadongosolo. N'chifukwa chake ndikuona kuti sukulu ndi yofunika, makamaka ya magetsi a galimoto. Muzitsatira zolengeza za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaumisiri, pa nthawi imene likulemba ophunzira atsopano, ndipo musanalipire pasukulu iliyonse mufunse ngati ndi yovomerezeka ndi bungweli komanso ngati ophunzira amagwiradi multimeter ndi makina owerengera code. Pagalajapo asasiye, azipitabe pa tchuthi, ndipo ndalama yoyamba imene angapeze agulire multimeter yakeyake.