Kodi "copyleft" tiziti chiyani m'Chichewa?

Wowerenga wina, yemwe amalemba mapulogalamu a pakompyuta osanthulira zotsatira za kafukufuku, wafunsa kuti: "Ndikulembera anzanga malangizo osankhira laisensi. Mawu akuti permissive ndi copyleft ndiwamasulire bwanji? Ndinayesa 'laisensi yolekerera' ndi 'kopi yakumanzere', koma sizikumveka."

Sizikumvekadi. "Kopi yakumanzere" ingoitayani. Copyleft ndi nthabwala ya m'Chingerezi, yotembenuza mawu akuti copyright (ufulu wa mwini ntchito), momwe mawu akuti right amatanthauza ufulu komanso dzanja lamanja, pomwe left ndi dzanja lamanzere. Kwa ife ufulu ndi dzanja lamanja palibe ubale, ndiye nthabwalayo imafera m'njira. Masulirani zimene laisensiyo imachita. GPL, laisensi ya copyleft yomwe Richard Stallman anatulutsa mu 1989, imati aliyense angathe kusintha pulogalamu yanu, koma akaigawa aigawe pa laisensi yomweyo, pamodzi ndi khodi yake, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamuyo. Ine ndingaitche "laisensi yosunga ufulu", chifukwa ufulu umene munalandira muyenera kuusiyiranso wotsatira. R, pulogalamu imene ofufuza ambiri amasanthulira ziwerengero, ili pa GPL.

Pamenepa samalani ndi mneni. Musalembe kuti "mukasintha pulogalamuyi muyenera kuonetsa khodi". Lembani kuti "mukagawa". Wofufuza amene wasintha khodi n'kumaigwiritsa ntchito yekha mu labotale yake, GPL simukakamiza kuonetsa chilichonse. Mneni mmodzi wolakwika angathawitse anthu pa laisensi yomwe ikanawayenera. Pewaninso kuitcha "yopatsirana". Ena amaitchula motero m'Chingerezi, koma ife mawuwa timawamva pa matenda, ndipo wowerenga aipidwa nayo asanaimvetse n'komwe.

Tsono za "yolekerera". Kulekerera ndi kulolera zimasiyana kwambiri. Kholo lolekerera mwana talidzudzula kale, pomwe munthu wololera tamuyamikira. Malaisensi a MIT, BSD ndi Apache 2.0 ndi ololera. Amalola kampani kutenga khodi yanu, kuiika m'pulogalamu yogulitsa, osaulula zimene yasintha. Koma salekerera ayi: dzina la mwini khodi ndi mawu a laisensiyo ziyenera kutsagana ndi khodiyo kulikonse. NumPy, chida chowerengera masamu chimene olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito, ili pa BSD, ndipo n'chifukwa china chimene imapezekera m'mapulogalamu aulere ndi ogulitsa omwe. Choncho lembani "laisensi yololera".

Anzanuwo akadzafunsa kuti asankhe iti, mayina awiriwa ayankha theka la funsolo. Wofuna kuti chida chake chifike paliponse, ngakhale m'manja mwa amene sadzabweza kanthu, atenge yololera. Amene zingamuwawe kuona ntchito yake itatsekeredwa m'pulogalamu ya wina, atenge yosunga ufulu. Muwachenjeze kuti nthawi zambiri khodi yololera imalowa bwino m'pulogalamu ya GPL, koma mukaphatikiza khodi ya GPL m'pulogalamu yanu n'kuigawa, yonseyo iyenera kutuluka pa GPL.

Funso lina lalifupi: "Free software ndi pulogalamu yaulere?"

Pano Chichewa chaposa Chingerezi. Olankhula Chingerezi ali ndi liwu limodzi lakuti free, mpaka amachita kufotokoza kuti akunena ufulu, osati mtengo. Ife tili ndi awiri. Yaulere ndi yosalipira. Yaufulu ndi imene mungaiwerenge, kuisintha ndi kuigawa, ndipo GPL imalola ngakhale kuigulitsa. Tanthauzo la free software ndi lachiwirili, choncho lembani "pulogalamu yaufulu".