Superman ndi ngwazi, Hulk ndi chiphona, nanga Batman timutche chiyani?

Bambo wina walemba kuti: "Anyamata anga awiri sagona osakangana za Superman ndi Batman. Wamkulu amati 'Superman ndi wamphamvu kwambiri kuposa Batman', wamng'ono amati 'koma Batman ndi superhero weniweni'. Kodi mawu akuti superhero tingawanene bwanji m'Chichewa, nanga chiganizo cha wamkuluyo chili bwino?"

Bambo, mawu amodzi okwanira anthu onse a m'timabuku ta makatuniti ife tilibe, ndipo sindikuona vuto pamenepo. Chichewa chimafuna kudziwa kaye kuti munthuyo watchuka ndi chiyani.

Oyandikira kwambiri ndi akuti ngwazi, munthu wolimba mtima amene wachita zazikulu zoti anthu n'kumazisimba. Superman, amene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anamutulutsa koyamba mu 1938, akukwanira bwino pamenepa. Kungoti kwathu kuno mawuwa ali ndi kafungo ka ndale. Agogo akamva mdzukulu akukuwa kuti "ngwazi yafika!" maganizo awo amathamangira kwa Kamuzu Banda, osati kwa mnyamata wa chinsalu chofiira kumsana.

Chiphona ndi nkhani ya thupi. Hulk, wa mu 1962, amene mphamvu zake zimakulirakulira akamapsa mtima, ndiye chiphona chenicheni: chimunthu chobiriwira chongodziwa kuswa. Koma Batman kumutcha chiphona n'kumunamizira. Chiyambireni mu 1939, Batman, amene dzina lake lenileni ndi Bruce Wayne, ndi munthu wamba ngati inu ndi ine. Sauluka, chipolopolo chikhoza kumulasa. Chimene ali nacho ndi chuma chimene makolo ake anamusiyira ataphedwa pamaso pake mumzinda wa Gotham, nzeru zofufuza milandu, ndi thupi lozolowera ndewu. Ameneyo ndi katswiri, kapena kadaulo. Mwana wanu wamng'onoyo anganene kuti "Batman ndiye ngwazi yeniyeni, chifukwa amalimbana ndi zigawenga alibe mphamvu zachilendo", ndipo mfundo yake imveka bwino kuposa mmene amainenera panopa.

Mungosamala agwirizanitsi. Ngwazi ili m'gulu la I-Zi-, choncho timati "ngwazi iyi inabadwira ku Krypton" (dziko lakwawo kwa Superman). Chiphona chili m'gulu la Chi-Zi-: "chiphona chija chakwiya". Katswiri ali m'gulu la Mu-A-: "katswiri uyu sagona usiku". Mukatchula dzina lenileni, mwabwerera ku Mu-A-: "Hulk wakwiya". Ana ambiri masiku ano ndimawamva akuti "chiphona uja wakwiya", ndipo khutu langa limakana.

Tsopano chiganizo cha wamkulu uja. Sicholakwika moti munthu sangamve, koma "kwambiri" alibe ntchito pamenepo. "Superman ndi wamphamvu kuposa Batman" n'chokwanira. Chimene timaiwala n'chakuti kuposa ndi mneni, ngati kudya kapena kuyenda, ndipo amatha kuima payekha n'kunyamula chiganizo chonse. Tamvani: "Superman amamuposa Batman mphamvu, koma Batman amamuposa Superman ukathyali." Chichewa chomveka kumudzi ndi chimenecho. Mukafuna kuonetsa kuti kusiyanako n'kwakukulu, nenani kuti "amamuposa kutali", kapena "Batman sangafike pamene pali Superman". Poyerekeza ndi gulu lonse timati "wamphamvu kuposa onse".

Palinso mneni wina amene anyamata amakonda, ndipo ine ndimamukonda: kutha. "Kodi Batman angamuthe Superman?" Funso ili silofanana ndi lakuti wamphamvu ndani. Wochepa mphamvu amatha kumutha mnzake pomutchera. Mu The Dark Knight Returns, buku la Frank Miller la mu 1986, Batman wokalamba anavala zida zachitsulo, mnzake Green Arrow n'kuponya muvi wa kryptonite, mwala wobiriwira umene umafooketsa Superman, ndipo Superman anaona zakuda. Ndiye anyamata anu onse awiri akhoza kukhala akunena zoona: wina akunena za kuposa, wina za kutha.

Kalembedwe: "wamphamvu" timalemba mophatikiza chifukwa ndi mfotokozi, koma "mdani wa Superman" timalekanitsa chifukwa "wa" akuonetsa umwini.

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu wafunsa kuti: "Mwana atandifunsa ngati Superman ndi mfiti poti amauluka, ndinasowa choyankha. Mphamvu zimenezi tizizitcha matsenga kapena ufiti?"

Mayi, mwanayo sanafunse zopusa. Kwathu munthu akamauluka ndiye kuti wakwera lichero usiku, ndipo mneni "kuuluka" akakhala pa munthu amabwera ndi katundu ameneyo. N'zoseketsa kuti Superman wa mu 1938 sankauluka n'komwe. Ankangodumpha nyumba zitalizitali, ndipo kuuluka kunadza m'zaka zoyambirira za m'ma 1940. Akanapitiriza kudumpha, funso lanuli silikanabwera.

Ufiti ndi wochitira anthu zoipa mobisa, choncho mawuwa sakuyenera aliyense wa ngwazizi. Muyang'ane kumene mphamvuzo zachokera. Za Superman ndi zachibadwa: ndi mlendo wochokera kudziko lina, ndipo dzuwa lathu ndi limene limamupatsa nyonga. Storm wa m'gulu la X-Men, amene mayi ake ndi a ku Kenya, nayenso anabadwa nazo mphamvu zoitana mvula ndi mphezi. Za Spider-Man zinadza mwangozi, atalumidwa ndi kangaude mu nkhani ya mu 1962. Amene tingamunene kuti ndi wamatsenga popanda kumulakwira ndi Doctor Strange, chifukwa iye anachita kukaphunzira zimenezo.

Wovuta ndi Black Panther. Ameneyu, dzina lake lenileni T'Challa, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda, anayamba kuoneka mu 1966, ndipo mphamvu zake zimachokera ku chitsamba chooneka ngati mtima. M'filimu ya mu 2018 timamuona akumwa madzi a chitsambacho, kenako n'kumukwirira kuti akaonane ndi makolo ake amene anamwalira. Mchewa aliyense akaona zimenezo, mawu amene amamufikira pakamwa ndi akuti "wakhwima". Kunena zoona mawuwo akugwira, koma ine sindingawalembe m'buku la ana, chifukwa kukhwima kumapita ndi zizimba ndi mphekesera zopha abale. Ndinganene kuti "anamwa mankhwala a ufumu". Dzina lakelo lisiyeni momwemo. Mwana akafunsa tanthauzo, muuzeni kuti ndi nyalugwe wakuda.

Mnyamata wina amene amajambula yekha makatuni akuti: "M'mabuku achizungu amalemba POW ndi BAM pa ndewu. Ine ndilembe chiyani?"

Achimwene, apa ndiye musabwereke kanthu, chifukwa nkhokwe yathu ya mvekero ndi yodzaza. Chibakera chikafika pa tsaya, phwa! Munthu akagwa, khu! Chiphona chikatera pansi kuchokera pamwamba pa nyumba, dii! Flash, ngwazi yotchuka ndi liwiro, akamadutsa mwina mungafune kulemba kuti "liwiro la mtondo wadooka", koma kumbukirani kuti mawuwa timakonda kunenera munthu amene akuthawa zoopsa, pamene Flash nthawi zambiri ndiye amathamangitsa anzake. Apatseni akubawo liwiro limenelo.

Ndipo pali chizolowezi china cha Batman chimene Chichewa chimachijambula bwino kuposa Chingerezi. Mkulu wa apolisi, Gordon, amakhala ali yekha padenga usiku, mwadzidzidzi Batman balamanthu! Akambirana pang'ono, Gordon n'kuyang'ana kumbali akulankhulabe. Potembenuka, munthu uja zii.