Zoti Thoreau anathawa anthu nkukakhala kutchire, nzoona?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti anaona pa Facebook za mzungu wina Thoreau yemwe anasiya zonse nkukakhala yekha kunkhalango, ndiye poti nawonso atopa ndi abale opempha fizi mwezi ndi mwezi, akufunsa ngati kudzidalira komwe ankaphunzitsako ndiye kuti munthu uzingoona zako basi.

Ayi achimwene, nkhaniyi anthu amaithira mchere wambiri. Maganizo omwe Thoreau ankatsatira amatchedwa Transcendentalism, anayambira ku Massachusetts ku America m'ma 1830, ndipo mkulu wake anali Ralph Waldo Emerson, m'busa wa ku Boston yemwe anatula pansi udindo mu 1832 poti mtima wake sunkalolanso kugawa mgonero. Mu 1836 anatulutsa kabuku kotchedwa Nature, mfundo yake inali yoti choonadi sichili mtchalitchi ndi m'mabuku a akale mokha ayi, ukamayang'anitsitsa mitengo, madzi, nyenyezi, nkumamvera kaliwu kamumtima mwakomo, umatha kuchizindikira wekha popanda wina kukutafunira.

Tsono Henry David Thoreau anamangadi kanyumba pafupi ndi dziwe la Walden, analowamo pa 4 July 1845 nkukhalamo zaka ziwiri, miyezi iwiri ndi masiku awiri. Kanyumbako kanamudyera madola 28 ndi timasenti. Koma pamene apa Facebook sanena mpakuti malowo anali a Emerson, nkhwangwa yodulira mitengo anachita kubwereka, komanso tawuni ya Concord inali kamtunda kongoyenda wapansi moti ankapitako pafupipafupi kukaona kwawo ndi kukamva nkhani, alendonso ankabwera kudzacheza. Ankalima nyemba nkumagulitsa. Nanga kuthawa anthu kuli pati apa?

Chimene ankadana nacho ndi kungotsatira gulu, kuvomera zinthu poti aliyense wavomera, ndi kufera ganyu moyo wonse chifukwa cha katundu woti sumufuna nkomwe. Kwa ine umboni wake weniweni ndi wa mu July 1846, pomwe anagona mchitokosi usiku umodzi atakana kukhoma msonkho chifukwa boma linkalola ukapolo komanso linali pankhondo ndi Mexico. Mmawa anatuluka poti wina anamulipirira (mwaonatu, kudzidalira kuja). Zomwe analemba pankhaniyi Gandhi ndi Martin Luther King anadzaziwerenga patapita zaka zambiri.

Ndiye za fizi zija khalani pansi ndi abalewo muwauze pomwe thumba lanu likuthera, koma Thoreau musamuikemo, iyeyo wa nkhwangwa yobwereka.